ZA MABUKU AWIRI ONENA ZA IMFA YA PA PHIRI

Inu okhala patsinde pa phiri la Mulanje, ku Likhubula ndi ku Chisitu, ku Muloza ndi ku Phalombe, mwezi uno tifuna kukamba nanu za mabuku awiri olembedwa m'Chingelezi. Kapena ena adzafunsa kuti, Nanga mabuku otere alowa bwanji m'kalata wa Mpingo? Tiyankha kuti limodzi la mabukuwo linena za phiri lathu lomwe lino, ndi za munthu amene anafera m'madzi a Ruo. Ndipo anthu ambirimbiri a kutsidya kwa nyanja anayamba kumva dzina la Mulanje powerenga buku limenelo. Munthu akakamba za mudzi wako pa bwalo la eni, uyenera kudziwa chimene wanena. Buku linalo ndi nthano yopeka ya ku America, ndipo tilitenga likhale muyeso woyesera loyambalo, monga mmisiri ayesa khoma ndi chingwe chache.

Buku loyamba dzina lache ndi Venture to the Interior, ndiko kunena ulendo wolowa m'kati mwa dziko. Analilemba Laurens van der Post, Mzungu wobadwira ku South Africa m'chaka cha 1906, amene anamwalira m'chaka cha 1996. M'chaka cha 1949 bungwe la Angelezi lotchedwa Colonial Development Corporation linamtuma ku dziko lino, limene masiku amenewo linatchedwa Nyasaland, kuti akaone ngati pamwamba pa Mulanje ndi pa Nyika pangathe kuwetedwa ng'ombe. Atabwerera kwao analemba za ulendo wachewo, ndipo bukulo linatuluka ku London m'chaka cha 1952, niligulidwa kwambiri.

Nkhani yache ya pa Mulanje iri yotere. Mlendoyo anakwera ku Chambe pamodzi ndi mkulu wina wa nchito ya nkhalango. Kumeneko anapeza mnyamata wachizungu woyang'anira mitengo ya mkungudza, alikukhala m'kanyumba ka matabwa ndi mkazi wache ndi khanda lao. M'bukumo mnyamatayo apatsidwa dzina lakuti Vance, koma dzina lache lenileni linali Fred France. Ndipo kanyumba kena ka ku Chambe katchedwa France's Cottage pokumbukira iyeyo. Amuna atatuwo ananyamuka ndi amtengatenga ao kuti azungulire phiri. Ali pakati pa ulendo chiperoni chinawagwera, mphepo yozizira ija ya mvumbi ndi nkhungu yochokera ku phiri la Chiperone m'dziko la Mozambique. Pofuna kutsika msanga anasiya njira yaitali, natenga yachidule yodzera ku phompho la Ruo. Anapeza mtsinje utadzala, pamwamba pa mathithi. Mnyamatayo anadzimanga chingwe m'chuuno kuti aoloke ndi kukachimangirira tsidya lija. Madzi anamkokolola, chingwe chinadyeka pamiyala nichiduka, ndipo iye anagwera kuphompho. Otsalawo anatsika kufikira ku minda ya tiyi, ndipo pambuyo pache inawatsalira nchito yowawa koposa, ndiyo yokauza mkazi amene analikudikira mwamuna wache ku Chambe.

Tiyambe ndi kuyamikira zoyenera kuyamikira, pakuti mlembiyu anali ndi maso ndi makutu. Pofotokoza nkhungu irikukwera m'zigwa, ndi pfungo la mkungudza pamoto, ndi mkokomo wa madzi m'phompho, munthu aliyense amene anagonapo ku Lichenya kapena ku Thuchila abvomereza kuti nzoona. Aonetsanso bwino chikondi cha banja laling'ono lija, anthu awiri amene anapeza pa phiri mtendere umene sanaupeze kwina, ndi mantha a mnyamatayo akuti mlendo wotumidwa ndi akulu adzamlanda malo amene anawakonda. Ndiponso mlembiyo sabisa kulemera kwa mtima wache, poganiza kuti iye akadapanda kubwera, mnyamatayo sakadayenda ulendowo. Izi nzabwino, ndipo tizilandira.

Koma tisanaweruze zotsalazo, tiyeni titenge muyeso wathu uja. Buku lachiwiri ndi The Cold Dish, lolembedwa ndi Craig Johnson, lotuluka m'chaka cha 2004. Ndilo loyamba la mabuku ambiri onena za munthu wopeka, sherifu Walt Longmire. Mau akuti sherifu kwathu kuno atiopsa, pakuti masherifu tiwadziwa ngati anthu otumidwa ndi bwalo la milandu kudzalanda katundu wa wangongole. Ku America sikutero ai. Sherifu ndiye mkulu wosunga lamulo m'chigawo, ndipo amsankha ndi anthu a m'chigawomo. Longmire akhala ku Wyoming, dziko la ng'ombe ndi chisanu, la anthu owerengeka, patsinde pa mapiri a Bighorn. Mkazi wache anamwalira. Mwana wache wamkazi mmodzi yekhayo ali kutali ku mzinda wa Philadelphia, kumene agwira nchito ya uloya. Nyumba imene anayamba kumanga ndi mkazi wache ikhala yosatha, ndipo iye mwini wadzitaya, nasanduka wakumwa. Bwenzi lache la pamtima ndi Henry Standing Bear, wa pfuko la Cheyenne, amene makolo ache ndiwo anali eni dzikolo Azungu asanafike.

Mlandu wa m'nthanoyi uyamba ndi mtembo wa mnyamata wopezeka kutchire, wolasidwa ndi mfuti yakalekale. Mnyamatayo anali mmodzi wa anai amene zaka za m'mbuyomo anachitira chipongwe chonyansa mtsikana wa pfuko la Cheyenne wofooka nzeru, ndipo bwalo linawapatsa chilango chochepa. Tsono aliyense aganiza kuti abale a mtsikanayo alikubwezera, ndipo sherifu ayenera kukayikira ngakhale bwenzi lache lomwe. Pomaliza pache wakupha apezeka kuti ndi mkazi wachizungu wolemera, amene sherifuyo anayamba kumkonda, amenenso anachitidwa choipa chomwecho ndi atate wache ali mwana, anthu onse ali chete.

Sitinena kuti bukuli liyenera kuwerengedwa ndi ana a sukulu, pakuti muli mau otukwana, ndi mowa, ndi mwazi. Koma muli zinthu zitatu zimene tifuna muzione.

Choyamba, wofufuzayo ndi mwini mudzi. Akufawo awadziwa chibadwire chao, adziwa amai ao, ndipo mlandu ukatha adzakomanabe ndi ofedwawo pa sitolo ndi pa maliro. Chifukwa chache sakhoza kunama za iwo, pakuti bodza lache lidzampeza m'mawa mwache.

Chachiwiri, chisoni chache ndicho chimtsegula maso. Munthu amene anaika mkazi wache m'manda adziwa kulowa m'nyumba ya maliro. Adziwa pofunsa ndi pokhala chete. Mlembi satenga umasiye wa Longmire ngati chokometsera nthano. Umasiyewo ugwira nchito m'mlandumo, ndipo pofufuza imfa za ana a eni iye mwini ayamba kudzuka ku tulo tache.

Chachitatu, ndicho chachikulu, phiri la m'nthanoyi liopsa, koma silisenzetsedwa mlandu. Pali malo amene sherifu atsika m'phiri usiku, m'mkuntho wa chipale chofewa, atasenza munthu wolasidwa, ndipo amva ngati mizimu ya makolo a Cheyenne irikumperekeza. Mlembi sationetsa ngati inali mizimudi kapena kuzizira kunamsokoneza mutu. Koma kutacha funso likhala lomwe lija, lakuti, Anagwira mfuti ndani, ndipo chifukwa ninji? Yankho lache lipezeka m'nyumba za anthu: m'bwalo limene linaweruza mokondera, ndi m'banja limene linabisa tchimo la atate.

Tsono tibwerere ku Ruo ndi muyeso uwu m'manja.

Choipa choyamba cha buku la van der Post nchakuti asandutsa phiri kukhala wakupha. Chiyambire kuliona alifotokoza ngati chinthu chamoyo, cha mtima woipa, chobisalira anthu. Ndipo abwereza kunena kuti mtima wache unamuuziratu kuti tsoka lirikudza. Wowerenga akafika pa imfayo aganiza kuti inalembedwa kale, kuti panalibe wakuiletsa. Koma ife amene timwa madzi a Ruo tidziwa kuti mtsinje wa m'phiri udzala msanga ndi kuphwera msanga, ndi kuti wanzeru akaupeza utakwiya akhala pansi nadikira, kapena abwerera. Panali njira ziwiri, ndipo anthu anasankha imodzi. Panali chingwe, ndipo anthu anabvomerezana kuchikhulupirira. Sitinena izi kuti titsutse akufa kapena anzao, pakuti anali ozizidwa ndi otopa, ndipo ife tomwe tikadakhala pomwepo kapena tikadachita chimodzimodzi. Koma mlembi wotsata choonadi akadaima pa zosankha zimenezi ndi kuzifunsa bwino. Kunena pambuyo pache kuti, Mtima wanga unadziwiratu, kupeputsa katundu wa wonenayo. Pakuti ngati unadziwiratu, unalekeranji kukaniza?

Choipa chachiwiri chitikhudza ife. Pa gombe la Ruo tsiku lija panaima anthu ambiri akuda, osenza mahema ndi zakudya, ana a midzi yomwe ino. Iwo anaona zonse. Ena a iwo analidziwa phirilo koposa mlendo amene anangofika masabata owerengeka apitawo. Koma m'bukumo aoneka ngati gulu lozizidwa ndi loopa, loti Azungu alipulumutse. Za midzi yao, za akazi ao amene analikudikiranso, za chimene iwo anaganiza pa njira yachidule ija, sitimva kanthu kogwira mtima. Sherifu wa m'nthano ija akadayamba ndi iwowa, kuwakhazika pansi mmodzi mmodzi ndi kuwafunsa. Tiona chodabwitsa apa, chakuti buku lopeka lisamala mboni koposa buku lonena kuti ndi mbiri yoona.

Choipa chachitatu ndi chakuti mlembi aonetsa Mulanje ngati dziko losadziwika, lofuna munthu wolimba mtima kuti alizonde. Koma Alexander Whyte anali atakwera kale m'chaka cha 1891 kukatola zitsanzo za mitengo, ndipo dzina la mkungudza m'mabuku a ophunzira, Widdringtonia whytei, lichokera kwa iye. Boma linali litaika phirilo m'gulu la nkhalango zotetezedwa m'chaka cha 1927. Munali njira, ndi tinyumba togonamo, ndi ocheka matabwa amene anatsika nao pamutu tsiku ndi tsiku. Ndipo asanabadwe onsewa, makolo a Amang'anja anali kupereka nsembe pa Dziwe la Nkhalamba. M'chaka cha 2001 mlembi wina, J. D. F. Jones, anatulutsa mbiri ya moyo wa van der Post yotchedwa Storyteller, naonetsa kuti munthuyu anazolowera kukometsa ndi kupeka zambiri za moyo wache. Chotero tiwerenga buku lacheli mochenjera, monga timva mboni imene inagwidwapo kale irikuonjeza.

Chachinai tichinena ndi chisoni. Mkazi wamasiye uja anali munthu weniweni, wosapeka. Misozi yache, ndi zinsinsi za banja lache, zinayalidwa pamaso pa dziko lonse zisanathe zaka zitatu, ndipo kusintha kwa maina sikukadabisa kanthu m'dziko limene Azungu ache onse anadziwana. Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendoyo anapitirira ku Nyika, nabwerera ku London, nalandira ulemu chifukwa cha buku lache. Koma mwana uja anakula wopanda atate. Wolemba nthano yopeka ali ndi ufulu pa anthu amene anawaumba yekha. Wolemba za maliro a mnzache alibe ufulu wotere.

Mau a Mulungu satisiya opanda chiphunzitso pa zimenezi. Pa Deuteronomo 21 pali lamulo lonena za mtembo wopezeka kuthengo, wakupha wosadziwika. Akulu ndi oweruza anayenera kutuluka ndi kuyesa mtunda kuchokera pa mtembowo kufikira ku midzi yozungulira. Ndipo akulu a mudzi woyandikira koposa anatsikira ku chigwa cha madzi oyenda, napereka ng'ombe yaikazi, nasamba m'manja pamaso pa ansembe, nachita umboni kuti sanakhetse mwaziwo kapena kuona wakuukhetsa. Taonani nzeru ya lamuloli. Thengo silifunsidwa, chigwa sichifunsidwa. Afunsidwa anthu, ndipo oyamba kufunsidwa ndi okhala pafupi. Imfa ya munthu ngakhale wosadziwika ikhala katundu wa mudzi wonse kufikira choonadi chitanenedwa poyera.

Nanga ife tichita bwanji, abale? Pakuti cholakwa cha van der Post sichiri cha Azungu okha. Nsonga ya phiri lathu, yotalika mamita 3,002, tiitcha Sapitwa, ndipo munthu akasowa kumeneko tifulumira kunena kuti mizimu yamtenga. Tikatero tapuma, ndipo palibe wofunsanso ngati anapita ndi womperekeza, ngati anabvala zofunda, ngati anamvera pamene anamuuza kuti nkhungu irikudza. Mwezi wa March 1991 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi, nizipha anthu mazanamazana ku Phalombe, ndipo tinati Napolo wadutsa. Mwezi wa March 2023 namondwe wotchedwa Freddy anachitanso zomwezo kuno ndi ku Chiradzulu ndi ku Blantyre, ndipo akufa ndi osowa m'dziko lonse anaposa 1,000. Sitinena kuti munthu akadaletsa mvula yotere. Napolo anagumula phiri la Zomba mwezi wa December 1946, mitengo ikali yambiri. Koma pali mafunso amene munthu akhoza kuyankha. Anagawa malo omangapo nyumba m'njira ya madzi ndani? Chenjezo linafika nthawi yanji, ndipo anamva ndani? Anadula mitengo ya m'mphepete mwa mitsinje ndani, ndipo anagula matabwa ndi makala ache ndani? Mkungudza umene mnyamata uja anausamala unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lathu m'chaka cha 1984. Koma owerenga mitengo m'chaka cha 2017 anapeza ikuluikulu yotsala 7 yokha pa phiri lonse. Uwu sunadyedwe ndi Napolo, unachekedwa ndi manja.

Palinso ngozi ina yoposa apa, imene nthano ya sherifu ija itichenjeza. Munthu akaleka kufufuza moleza mtima, mtima wache ufunabe wina woti umsenzetse mlandu, ndipo ugwira amene ali pafupi ndi wopanda womteteza. M'nthanomo anthu onse analoza chala kwa a pfuko la Cheyenne, ndipo analakwa. Kwathu kuno chala chiloza nkhalamba yokhala yokha, kuti ndiyo mfiti. M'chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, anthu angapo anaphedwa ndi makamu popanda bwalo, popanda mboni. Onsewo anali ndi amai ao ndi ana ao. Kumbukirani kuti Ambuye wathu, ponena za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, anakana kuti iwowa anali ochimwa koposa anzao, nabweza funsolo kwa omvera ache kuti adziyese okha. Mkristu aletsedwa kuneneza phiri kuti apumule, aletsedwanso kuneneza mnansi wache kuti mkwiyo uphwe. Atsala ndi nchito yobvuta, ya kufunsa mwachifatso, ndi kudikira umboni, ndi kubvomera gawo lache.

Tsono chiweruzo chathu pa mabuku awiriwa ndi ichi. Pa kukoma kwa mau ndi kujambula kwa dziko, buku la van der Post lipambana, ndipo amene adziwa Chingelezi adzakondwera kuona phiri lao m'maso a mlendo. Koma pa chilungamo cha kwa akufa ndi kwa otsala, nthano yopeka ija ilipambana kutali, chifukwa mlembi wache anadziwa kuti malo, ndi banja, ndi imfa ziri chingwe chimodzi, ndi kuti woyenera kuchimasula ndiye amene adzagona m'mudzi momwemo usiku wache.

Chotsala nchakuti nkhani ya Mulanje sinalembedwe mokwanira ndi ana a Mulanje. Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo m'chinenero chathu, buku limene linatuluka m'chaka cha 1933, naonetsa kuti moyo wa munthu wa pamudzi ukwana kudzaza buku. Steve Chimombo analemba ndakatulo za Napolo m'Chingelezi. M'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri lathu m'kaundula wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alomwe okhala mozungulira. Chotero alendo adzachuluka, ndipo adzalemba. Kodi tidzawalekera iwo okha?

Tipempha inu aphunzitsi, ndi akulu a Mpingo, ndi amai a Mvano, kuti muyambe ndi chaching'ono. Tengani kope, mulembe maina a onse a mpingo wanu ndi a mudzi wanu amene anapita ndi madzi m'chaka cha 1991 ndi cha 2023, pamodzi ndi malo amene nyumba zao zinali, ndi njira imene madziwo anadzera. Khalani pansi ndi okalamba amene anasenza katundu kapena matabwa pa phiri, muwafunse za mitsinje ndi za nyengo, akali ndi moyo. Musalembe za wamasiye osayamba mwampempha, ndipo mukalemba mumwerengere iye poyamba. Zimene simunazione musazikometse. Kope lotere lidzachenjeza adzukulu anu pomanga nyumba, lidzatonthoza ofedwa poona kuti abale ao sanaiwalike, ndipo kapena mwa ana amene adzaliwerenga mudzatuluka mlembi amene adzanena za phiri lino monga mwini wache. Mulungu wa chitonthozo chonse akhale ndi inu nonse amene mulikulirabe.